Dziwe losambira likubiriwira chonsecho klorini alimo

Bambo wina wa ku Thyolo wanditumizira imelo yodandaula kuti dziwe losambira la kuseri kwa nyumba yake, lomwe limalowa malita 40,000, lachita ndere kuyambira mu Januwale, chonsecho sabata iliyonse amaika mapiritsi a klorini m'kachitini koyandama. Atayeza madziwo anapeza kuti stabilizer, mankhwala oteteza klorini ku dzuwa, wafika pa 150 ppm (magawo 150 pa magawo miliyoni a madzi), ndipo akufunsa ngati pali mankhwala oti agule omutsitsira.

Bambo, ndalama zanu zisungeni. Stabilizer, amene akatswiri amamutchula kuti cyanuric acid, sauluka ndi dzuwa, sagwidwa ndi sefa ya mchenga, ndipo amachoka m'dziwe pokhapokha madzi amene ali nayewo atatayidwa. Madzi akaphwa ndi kutentha kwa mu Okutobala, iye amatsala momwemo, ndipo mukawonjezera madzi ena mumangobwerera pamlingo wakale. Mankhwala amene amalengezedwa kuti amamudya alipo, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kosadalirika, kotero sindingakulimbikitseni kuwafunafuna.

Stabilizer payekha si woipa. Dzuwa limawononga klorini wambiri m'maola ochepa chabe, ndiye stabilizer amamugwirizira kuti akhalitse m'madzi, ndipo pa dziwe la panja mlingo wa pakati pa 30 ndi 50 ppm ndi wokwanira. Akachuluka amagwira klorini mwamphamvu kwambiri moti wotsala kuti aphe ndere ndi tizilombo amakhala wochepa zedi. Anthu ambiri osamalira maiwe amawerengera kuti klorini asatsike pansi pa 7.5 peresenti ya stabilizer, zomwe zikutanthauza kuti pa 150 ppm mukufunika klorini wopitirira 11 ppm, pamene inu mwina mumakhutira mukaona 2 kapena 3 pa choyezera chanu. Ndere zikupezerapo mwayi pamenepo.

Gwero lake ndi mapiritsi omwewo. Mapiritsi a trichlor amasiya pafupifupi 6 ppm ya stabilizer pa 10 ppm iliyonse ya klorini amene apereka, ndipo klorini wa ufa wa mtundu wa dichlor amasiya pafupifupi 9. Klorini amatha tsiku ndi tsiku, mnzakeyo akuunjikana mwakachetechete. Werengani pachidebe: mukaona dzina limodzi mwa awiriwa, chotsani mapiritsiwo lero lomwe ndipo muyambe kugwiritsa ntchito calcium hypochlorite, yemwe ambiri amangomutchula kuti HTH, kapena klorini wamadzi wa sodium hypochlorite. Awiriwa alibe stabilizer. Koma musaike ufa wa calcium hypochlorite m'kachitini kamene munali mapiritsi a trichlor, ngakhale kataoneka kouma, chifukwa mankhwala awiriwa akakhudzana amatha kuyaka kapena kuphulika.

Musanataye madzi, yezaninso. Zoyezera zambiri, makamaka chija chimene mumathira madzi ambuu mpaka kadontho kakuda ka pansi katasiya kuoneka, zimalekezera pa 100 ppm, ndipo nambala yoposa pamenepo imakhala yongoyerekeza. Sakanizani madzi a m'dziwe ndi a pampopi mofanana, muyeze, kenaka zotsatirazo muzichulukitse kawiri.

Ngati 150 ndi yoona, masamu ake ndi awa. Kuti mufike pa 50 ppm kamodzin'kamodzi muyenera kutaya magawo awiri mwa atatu a madziwo, malita pafupifupi 27,000. Ine sindingachite zimenezo ku Thyolo kapena ku Mulanje m'nyengo ino ya dzinja. Nthaka ya kuno imakhuta madzi kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo madzi a pansiwo amakankha makoma ndi pansi pa dziwe nthawi zonse. Chimene chimawaletsa ndi kulemera kwa madzi ali m'katiwo. Mukachepetsa kwambiri kulemerako, dziwe la simenti likhoza kung'aluka kapena kutukulidwa, ndipo la fibreglass limapindika mosavuta, makamaka ngati nyumba yanu ili m'munsi mwa chitunda momwe madzi ochokera m'minda ya tiyi amatsikira.

Njira yabwino ndi kutaya gawo limodzi mwa atatu, kudzaza, kuyendetsa pampu tsiku lathunthu kuti madzi asakanikirane, kenaka kubwereza. Ulendo woyamba mudzatsika pa 100, wachiwiri pa 67, wachitatu pa 44. Mudzagwiritsa ntchito malita 40,000 m'malo mwa 27,000, ndipo bilu ya madzi idzakwera ndithu, koma kukonza dziwe long'aluka n'kodula kuposa pamenepo. Ntchito yaikuluyi ndi bwino kuiyamba mvula ikasiya ndipo nthaka yayamba kuuma. Madzi akatsika pansi pa kabowo kokokera madzi ka m'mbali, zimitsani pampu kuti isakoke mpweya n'kupsa.

Pakadali pano mvula ikhoza kukuthandizani, koma osati yokha. Mukaona kuti kumwamba kwada, tsitsiranitu madzi pang'ono potsuka sefa, kuti mvula idzaze malo a madzi otayidwawo. Musayembekezere zodabwitsa: mvula ya mamilimita 50 pa dziwe lakuya mita imodzi ndi theka imangosintha pafupifupi 3 peresenti ya madzi onse, ngakhale kuti mukamachita zimenezi dzinja lonse kusinthako kumaoneka.

Madzi otayawo musawalunjikitse ku mtsinje, kudimba kapena kudziwe la nsomba la aneba. Lekani kuthira klorini masiku angapo mpaka choyezera chitaonetsa kuti watha, kenaka muwamwaze pang'onopang'ono pa kapinga, kutali ndi maziko a nyumba ndi makoma a dziwelo. Ngati mudzaze ndi madzi a pachitsime, thirani kaye klorini pang'ono m'ndowa imodzi ya madziwo. Akasanduka ofiirira ndiye kuti muli chitsulo chimene chidzathimbiriritsa makoma, ndipo ndi bwino kudzaza ndi a pampopi.