Funsani amakaniko: galimoto ya 4x4 m'matope ndi m'fumbi

Funso: Ndili ndi Toyota Hilux ya dizilo yomwe ndimanyamulira feteleza ndi chimanga kumidzi ya ku Bolero. Dzinja lapitali ndinkawoloka mitsinje pafupipafupi. Pano ndikafika liwiro la makilomita 60 pa ola, kumbuyo kukumveka kulira kosalekeza, chonsecho oyilo wa injini ndimasintha pa nthawi yake. Chavuta n'chiyani? Wowerenga wa ku Rumphi

Yankho: Bambo, ife tikukayikira difu yakumbuyo, bokosi la magiya logawa mphamvu ya injini ku matayala awiri akumbuyo, ndipo oyilo wake muuone lero lomwe. Difu ikamagwira ntchito imatentha, mpweya wam'kati n'kumatulukira pa kabowo kopumira kamene kali pamwamba pa ekiselo, komwe amakaniko amati breather. Mukailowetsa m'madzi ozizira ikadali yotentha, imazizira mwadzidzidzi n'kuyamwa madzi kudzera pa kabowoko kapena m'masilo a m'mbali. Oyilo wosakanikirana ndi madzi amaoneka ngati tiyi wamkaka. Sathanso kuteteza mano a magiya, maberingi amachita dzimbiri, ndiye kulira mukukumvako.

Imikani galimoto pamalo osapendekeka. Yambani kumasula chotsekera cha pamwamba chothirira oyilo, musanakhudze cha pansi. Ambiri amakhetsa oyilo yense, kenako n'kupeza kuti cha pamwambacho chakana kumasuka, galimoto n'kugona pomwepo. Chotsekera cha pansi chili ndi maginito, chiyang'anitsitseni. Ngati pamamatira zotuwa zosalala, palibe vuto, koma mukamva tizidutswa tachitsulo m'zala, difu imeneyo iyenera kutsegulidwa. Thirani oyilo wa magiya wa GL-5 80W-90 mpaka atayamba kutayikira pabowo lothirira.  Ngati difu yanu ndi ya LSD, yomwe imachepetsa kuterereka kwa tayala limodzi, gulani oyilo wolembedwa LSD, apo ayi idzayamba kugunda pokhota. Mawashala a zotsekera zonse ziwiri ikani atsopano. Mukatha, onaninso difu yakutsogolo ndi transfer case, bokosi la magiya logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa nazonso zinali m'madzi omwewo.

Tinene mosabisa: ngati maberingi adyeka kale, oyilo watsopano sathetsa kulirako. Chimene chingakupulumutseni dzinja likubwerali n'kulumikiza kapaipi pa breather iliyonse n'kukakweza m'mwamba, yakutsogolo mpaka m'boneti. Ndi ntchito ya ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa difu. Mukafika pamtsinje, dikirani mphindi 10 kapena 15 kuti zitsulo zizizire. Mukaoloka, pondani buleki pang'onopang'ono mukuyenda kuti mabuleki aume, ndipo tsiku lomwelo popani girizi m'manipo (timabowo topopera girizi) onse a propshaft, chitsulo chozungulira chopititsa mphamvu ya injini ku difu, mpaka girizi watsopano atakankha madzi ndi wakaleyo. Pamalo pamene propshaft imatalika ndi kufupika musapope wambiri, kawiri kapena katatu basi.

Funso: Dalaivala wathu amasiya Land Cruiser ya bungwe mu 4H, giya yoyendetsa matayala onse anayi, ngakhale pa tara, akuti imagwira bwino msewu. Kodi n'zoona? Wowerenga wa ku Mangochi

Yankho: Mayi, muuzeni asiye. Land Cruiser ya mtundu wa 70, monganso Hilux, ilibe difu yapakati. Ikakhala mu 4H, ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo zimakakamizika kuzungulira mofanana, pamene pokhota matayala akutsogolo amayenda mtunda wautaliko. Pamsewu wadothi matayala amaterereka pang'ono, mphamvu yopotokolayo n'kutha. Pa tara sangaterereke, ndiye zonse zimathera m'magiya a transfer case ndi m'majointi. Mudzazindikira poona chiwongolero chikulimba pokhota, matayala akutha msanga, ndi giya ya 4H ikukana kutuluka. Ikakana, musaikakamize, bwererani m'mbuyo mamita angapo mowongoka, imasuka.

Koma 4H musaisiyenso osaigwiritsa ntchito chilimwe chonse. Mwezi uliwonse yendani makilomita pafupifupi 16 mu 4H pamsewu wadothi, mahabu (zotsekera za pakati pa matayala) akutsogolo atatsekedwa pa LOCK, kuti oyilo afike paliponse. Polowetsa 4L, giya yamphamvu ya matayala onse anayi yoyendera pang'onopang'ono, galimoto iime kaye. Matayala onse anayi akhale a saizi imodzi.

Funso: Mafuta atasowa ndinagula dizilo wa m'zigubu. Pano pa dashibodi payaka nyale ya fyuluta. Ndingayendebe? Wowerenga wa ku Mchinji

Yankho: Ayi, akulu, imani. Nyale imeneyo nthawi zambiri imatanthauza kuti m'kapu ya pansi pa fyuluta ya dizilo mwadzaza madzi. Zimitsani injini, ikani kachitini pansi, masulani kampopi ka pansi pa fyuluta, n'kumapopa pampu ya pamanja ili pamwamba pake mpaka kutuluka dizilo woyera yekhayekha. Tsekani ndi dzanja, osati ndi pulaya, chifukwa n'kapulasitiki, kenako popaninso mpaka pampuyo italimba. Injini yakale ya Land Cruiser ya 1HZ imapirirako pang'ono, koma injini za Toyota zatsopanoko za D-4D zimaponya dizilo pa mphamvu yaikulu kwambiri, moti madzi ochepa chabe amawononga mainjekita ndi pampu. Nyale ikayakanso posachedwa, sinthani fyuluta ndipo thanki ikhetsedwe.

Funso: Kodi sevisi ndizichita pa makilomita 5,000 kapena 10,000? Wowerenga wa ku Chitipa

Yankho: Pamisewu yafumbi ngati yanuyo, 5,000, oyilo wa 15W-40 pamodzi ndi fyuluta yake. Fyuluta ya mpweya yokha isadikire sevisi. Muziitulutsa sabata iliyonse m'chilimwe, kuigogoda pang'ono, kapena kuiuzira mpweya mosiyana ndi mmene fumbi linalowera. Yapepala musaichape, ndipo ikabooka ngakhale pang'ono itayeni, chifukwa fumbi lolowa mu injini limadya maringi a pisitoni. Pukutaninso m'bokosi mwake ndi kansalu konyowa musanaibwezere. Lamba wa taimingi, wogwirizanitsa mavalavu ndi mapisitoni mu injini, pa Hilux ya 2.5 kapena 3.0 D-4D amasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo ngati galimoto munaigula yogwiritsidwa kale ntchito popanda umboni woti anasinthidwa, musinthiretu pamodzi ndi tenshona yake, kachipangizo kokunga lambayo.