Maule ndi Manoma akachoka, ligi yathu ipindula chiyani?

Achimwene, mwafunsa ngati komiti yanu ya masapota ku Chitakale ivomereze ganizo loti Bullets (Maule) ndi Wanderers (Manoma) zisiye Super League n'kumakasewera ligi ya kunja, poti matimu ang'onoang'ono apume. Ine ndikuti musavomere.

Mukukumbukira 2024, FOMO, timu yathu ya ku Mulanje, ili mu Super League ndipo ikusewerera pa Mulanje Park? Tsiku lobwera Maule kapena Manoma, anthu ankachokera ku Limbuli, ku Luchenza, ena ku Thyolo boma. Akabaza samapuma, amayi a mandasi ndi anyamata a chiwaya ankaweruka msanga zinthu zitatha. Kubwere timu ina yopanda masapota ambiri, mabenchi gwaa. Ndalama za pageti zimagawidwa pakati pa matimu awiriwo, eni bwalo, SULOM (bungwe loyendetsa ligiyi) ndi FAM (bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno), ndiye timu yaing'ono imadalira masiku ochepa amenewo kuti ilipire osewera ndi basi yopita ku Karonga. Mukachotsa matimu awiriwa mwachotsa thumba lomwe onse amadyeramo. Ngakhale kampani yothandiza ligi imaika ndalama chifukwa cha khamu la anthu ovala zofiira ndi za buluu.

Anzanuwo akudandaula zoona pa chinthu chimodzi. Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo zimatopetsa ngati si iwe wa Maule. Koma onani za ku Scotland. Kumeneko ligi sinapitepo kunja kwa Celtic ndi Rangers chitengereni Aberdeen mu 1985. Mu 2012 Rangers inagwa ndi ngongole n'kukayambiranso ligi ya pansi, inabwerera mu 2016. Zaka zonsezo matimu ena sanatenge ligi ngakhale kamodzi, Celtic inangotsala yokha pamwamba. Kuno kukhoza kukhala chimodzimodzi: Silver Strikers, yomwe ili ndi Reserve Bank kumbuyo, ingamatenge chaka ndi chaka, inu mukudandaulabe.

Ena atchula Wales, komwe Cardiff, Swansea ndi Wrexham zimasewera ku England. Zoona, koma matimu amenewo analowa kumeneko kalekale, ligi ya Wales isanayambe mu 1992, ndipo ligi yotsalayo anthu ochepa ndiwo amaionera. Komanso ife tikapita kuti? Ulendo wa ndege ku Johannesburg masabata awiri aliwonse alipira ndani, pamene ngakhale CAF Champions League matimu athu amalowa akulira ndi bajeti?

Nanga Flames? Gabadinho Mhango, yemwe anagoletsa Morocco chigoli chakutali chija ku Cameroon mu Januwale 2022, anaonekera ku Bullets kuno asanapite ku South Africa. Mnyamata wa ku Muloza amadziwika akavutitsa otchinga kumbuyo a Manoma kochi wa Flames akuona. Timu yaikulu ikakhala kunja ndipo ndalama ikachuluka, imagula osewera akunja, wathu uja n'kutsalira pa mpira wa mabonanza.

Ngati komiti ikufuna cholemba, lembani kwa SULOM ndi FAM kuti gawo la ndalama za ligi lopita ku matimu a m'maboma likwere, ndipo kuti timu yogula wosewera izilipiradi timu yomwe inamulera. Pitaninso ku khonsolo mukafunse za kasamalidwe ka Mulanje Park, chifukwa bwalo likakanidwa timu yathu idzakasewerera ku Blantyre ngati mlendo.