Amayi akukana kusamuka, akuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu

Agogo, kwathu ndi ku Muloza, ndipo nyumba yathu ili m'mbali mwa mtsinje, m'munsi mwa phiri. Namondwe wa Freddy atabwera mu Marichi 2023, madzi anagwetsa khitchini n'kukokolola munda wonse. Ndikawauza amayi kuti tisamukire kumtunda, amati Mulungu akafuna kutitenga adzatitenga paliponse, ndipo amatinso ine ndilibe chikhulupiriro. Kodi ndikulimbana ndi Mulungu?

Mdzukulu wanga, sukulimbana ndi Mulungu ayi. Koma amayi akonso usawaone ngati osaganiza. Mawu awowo ali ndi choonadi: moyo wathu uli m'manja mwa Mwini wake, ndipo palibe amene amadziwonjezera tsiku chifukwa cha kuda nkhawa. Pamene aphonya ndi poganiza kuti kugonjera Mulungu ndi kupinda manja.

Tsegula Machitidwe a Atumwi mutu 27. Paulo ali m'ngalawa pakati pa namondwe, anthu onse 276. Mngelo wamuuza kale kuti palibe amene afe. Ukanakhala iwe, bwenzi utangogona. Koma oyendetsa ngalawa atafuna kuthawa mobisa, Paulo anauza asilikali kuti anthuwa akachoka, inu simupulumuka. Kenako anawalimbikitsa onse kuti adye, apeze mphamvu. Ngalawa itasweka, ena anasambira, ena anagwira matabwa, onse n'kufika kumtunda. Lonjezo la Mulungu linakwaniritsidwa, koma linadzera m'mikono ya osambira ndi m'matabwa aja. Ngakhale Yesu, Satana atamuuza kuti adziponye kuchokera pamwamba pa kachisi popeza angelo amugwira, anakana, nati Mulungu sayesedwa. Ku Getsemane, pamene ananena kuti kufuna kwa Atate kuchitike, anali atayamba wapempha kuti chikho chimupitirire.

Ife akuluakulu tikukumbuka Napolo wa ku Phalombe mu 1991, miyala ikugubuduzika kuchokera m'phiri la Michesi. Madzi a m'phiri saiwala njira yake. Ndiye onjezapo mitengo imene tatha ndi makala, nanga imeneyonso tiziti anadula ndi Mulungu?

Tsopano za kayankhulidwe kako, chifukwa ndikuganiza kuti mpamene pavuta. Ukamawaponyera mavesi amayi ako ngati muli pa mtsutso, makamaka pali anthu, sadzasuntha olo phazi limodzi. Ndiponso ndikukayika ngati nkhani yeniyeni ndi chikhulupiriro. Kuno malo amayenda kuchikazi. Pamenepo mwina ndi pamene anabadwira, manda a mayi awo ali pafupi, ndipo akuopa kuti akachoka, munda ulowa ena. Kunena kuti ndi chifuniro cha Mulungu n'kopepuka kusiyana n'kuuza mwana wako kuti ndikuopa kukakhala mlendo pa malo a eni. Uwafunse modekha muli awiri, mwina potongola chimanga, chimene chikuwamanga mtima.

Ukamva, pita kwa amalume ako. Iwo ndiwo mwini mbumba, ndipo nkhani ya malo kwa amfumu amakaitula ndi iwowo, osati iwe. Upemphenso mkulu wa mpingo amene amayi amamulemekeza kuti abwere adzapemphere nawo ndi kucheza nawo. Mawu omwewo amene akuwakana m'kamwa mwako, akhoza kuwalandira kwa munthu wa msinkhu wawo. Uwatsimikizire kuti munda sukutayidwa, azidzalima ndithu, kungoti kogona kukhale kumtunda.

Akakanabe, usawasiye mokwiya n'kumati zawo izo. Mugwirizane chimodzi chokha: mvula ikagwa masiku otsatizana, kapena a zanyengo akachenjeza pa wailesi, onse mukagone kwa abale kumtunda. Ziphaso, mabuku a kuchipatala ndi mbewu uziike mu pulasitiki pamalo posavuta kutenga, ndipo ana aang'ono adziwe njira yopitira kumeneko ngakhale usiku.