Kupusitsa poseva n'kololedwa, koma mpira uzioneka

Achimwene, mwafunsa ngati mnzanu amene mumasewera naye tenisi ya patebulo akunena zoona kuti mumaba poseva (pomenya mpira woyambira), popeza mumaima cham'mbali ndiponso mumagwedeza bati mpira utachoka kale. Apa pali nkhani ziwiri, ndipo imodzi yokha ndi imene ingakupezetseni mlandu.

Kugwedeza batiko musakuleke. M'malamulo a ITTF, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, mulibe choletsa kunamiza mnzanu ndi kayendedwe ka dzanja. Mutha kupala mpira pansi kuti uzizungulira chobwerera, kenako n'kukwezera bati m'mwamba ngati mwaupala pamwamba. Mutha kutsitsa bati kunsi kwa tebulo musanamenye, kapena kulitembenuza m'manja. Jan-Ove Waldner wa ku Sweden, amene anatenga golide pa Olympics ya 1992, ankasautsa anzake ndi luso lotereli, ndipo anthu ankamutama nalo.

Ngati mukufuna chinyengo chopindulitsa, yambani ndi ichi. Sevani kawiri ndi kayendedwe kamodzimodzi. Koyamba mpira ukhudze kunsonga kwa bati, kumene kumathamanga kwambiri, muupale pansi mopyapyala. Kachiwiri ukhudze pafupi ndi chogwirira, muungoukankha. Woyambawo umazungulira kwambiri, wachiwiri pafupifupi suzungulira n'komwe, koma wolandira amaona dzanja likuchita zofanana. Akayesa kuti wozungulira uja ndi wamba, aubwezera mu neti. Akayesa kuti wamba uja ndi wozungulira, aukweza m'mwamba, inu n'kungomaliza. Zimenezi n'zoyera ndithu.

Pamene ndikukayika ndi pa kaimidwe kanu. Kuima cham'mbali pakokha si mlandu, akatswiri ambiri amatero. Koma kuyambira mu Sepitembala 2002, mpira suyenera kubisika kwa wolandira kuchokera pamene mwayamba kuseva mpaka pamene mwaumenya. Musauphimbe ndi phewa, mutu, mkono kapena malaya, ngakhalenso ndi mnzanu mukamasewera awiriawiri. Kale anthu ankasiya mkono kutsogolo dala n'kumenyera kuseri kwake, ndiye pali akuluakulu ena amene anaphunzira nthawi imeneyo omwe amaphunzitsabe ana zomwezo. Lero lamulo likuti mukangoponya mpira, mkono woponyerawo muuchotse pakati pa mpira ndi neti. Ambiri amagwa pomwepa osadziwa, chifukwa mkono umatsalira wokha, kapena mpira umagwera pachifuwa phewa n'kuutchinga.

Kaponyedwe nakonso kali ndi malamulo ake. Mpira ukhale pachikhatho chotambasula, osati pazala, dzanjalo litaima. Muuponye cholunjika m'mwamba osauzunguza, ukwere masentimita osachepera 16 kuchoka pachikhatho, ndipo muumenye ukutsika. Neti ndi yotalika masentimita 15.25, choncho ingoonetsetsani kuti kuchoka pachikhatho wakwera mtunda woposako ndithu kutalika kwa netiko. Nthawi yonseyi mpira ukhale pamwamba pa mulingo wa tebulo komanso kumbuyo kwa mzere wakumapeto. Kuuponyera chakumbuyo kuti ukakumane ndi bati, kapena kungougwetsera pabati monga timachitira posewera macheza, pampikisano mutaya nazo mapointi.

Musadalire zoti woyimbira sangaone. Udindo woonetsa kuti mwaseva molondola ndi wanu. Akakayika, angathe kukuchenjezani kamodzi pamasewero onsewo, akakayikanso pointi ipita kwa mnzanu. Ngati cholakwacho n'choonekeratu, palibenso zochenjezana. Ding Ning wa ku China zinamuonekera pa fainolo ya Olympics ku London mu 2012: woyimbira anamulanda mapointi chifukwa cha kasevedwe, mtima unamuthawa mpaka misozi, ndipo anagonja 4-1 kwa Li Xiaoxia. Ding Ning yemweyo anali nambala wani padziko lonse pa nthawiyo.

Ndiye chitani izi musanakanganenso. Ikani foni mbali ya wolandira, pa msinkhu wa maso ake, mujambule mukuseva. Jambulani kuchokera pakona yakumanja, kenako yakumanzere, chifukwa wosewera ndi dzanja lamanzere amaima kwina ndipo naye ayenera kuuona mpirawo. Muionere pang'onopang'ono. Mpira ukasowa ngakhale kamphindi, mnzanuyo akunena zoona. Kukonza kwake sikovuta: menyerani mpira kutsogolo pang'ono kwa mimba yanu, mkono woponyera muziukokera kunthiti mukangoponya, ndipo phewa lisagwere kutsogolo. Masabata oyamba kuseva kwanu kufooka, musadabwe nazo.

Koma mpira ukamaoneka kuyambira pachikhatho mpaka pabati, muonetseni kanemayo, ndipo mumuuze aleke kutsatira mkono wanu wonse. Aziyang'ana pamene bati likukhudza mpira, komanso chizindikiro cholembedwa pampirapo: chikamaoneka bwino mpira ukubwera, ndiye kuti sukuzungulira kwenikweni.