Kodi ndingadaye imvi tsitsi nditangoliwongola kumene?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera pa imelo. Akuti anawongola tsitsi ndi rilakisa masiku asanu apitawo, mwana wawo wamkazi ali ndi chinkhoswe Loweruka likubwerali, ndipo imvi zachita kuti mbuu pamphumi ponse. Agula kale dayi wakuda wa m'kabokosi, ndipo akufunsa ngati angadzidaye okha Lachisanu madzulo, poti mtundu womwewo akhala akuugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri popanda chovuta.

Mayi, kabokosi kameneko mubakasunga kaye. Rilakisa amawongola tsitsi mwa kuphwanya zomangira za m'kati mwake, ndipo mankhwala amene amagwira ntchitoyi, kaya ndi sodium hydroxide kaya calcium hydroxide, amalisiya lofooka komanso amasiya khungu la kumutu lanthete, nthawi zina ndi tizilonda timene simungatione. Dayi wokhalitsa nayenso si wofatsa: ammonia amatsegula tsitsi kuti mtundu ulowe, pamene hydrogen peroxide wa m'kabotolo kachiwiri kaja, amene nthawi zambiri amalembedwa kuti 20 volume, kutanthauza 6 peresenti, amasungunula mtundu wachibadwa. Mukaphatikiza rilakisa ndi dayiyu m'sabata imodzi, tsitsi limayamba kuduka, makamaka la m'mphepete lomwe mukufuna kuti lioneke bwinolo. Pakati pa rilakisa ndi dayi wokhalitsa payenera kudutsa masabata osachepera 2, ndipo Lachisanu lanulo silifikapo.

Mawu anu akuti simunaonepo vuto ndi amene andidetsa nkhawa kwambiri. Dayi wakuda wambiri amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD, ndipo thupi limatha kuwalandira bwinobwino kwa zaka kenako n'kudzawakana tsiku limodzi. Zinawachitikira alamu anga. Anadaya Lachinayi monga mwa nthawi zonse, Lachisanu kumutu kunayamba kuyabwa, ndipo pofika Loweruka zikope zinali zitatupa moti ankachita kuzikweza ndi chala kuti aone amene walowa m'nyumba, kuseri kwa makutu kukuchucha madzi. Chiyambire tsikulo sangakhudzenso dayi wotere, chifukwa thupi likakana PPD limamukana mpaka kalekale. N'chifukwa chake kapepala ka m'kabokosi, kamene ambirife timataya limodzi ndi pulasitiki, kamati muyese pang'ono kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa chigongono n'kudikira maola 48, ndipo muzichita zimenezi ulendo uliwonse. Pakafiira, kuyabwa kapena kutuluka matuza, musadaye. Ngati mutadaya nkhope yatupa kapena mukubanika, tsukani msanga ndipo thamangirani kuchipatala. Musanyengedwenso ndi hena amene amamutcha wakuda, pakuti hena weniweni amapereka mtundu wofiirira, ndipo wakudayo kawirikawiri amakhala atamuthira PPD yemweyo.

Nanga chinkhoswe? Funsani ku saluni kapena m'shopu dayi wosakhalitsa, wa botolo limodzi, wopanda peroxide. Iyeyu amangokuta tsitsi kunja ndipo amasuluka mukamatsuka. Imvi sazibisa zonse, koma amazizimbaitsa mokwanira kuti pa zithunzi zisaoneke. Nayenso mumuyese Lachitatu. Komabe kunena zoona, mayi wa mwana pa chinkhoswe atamanga duku logwirizana ndi chitenje, palibe amene amawerenga imvi zake.

Masabata awiriwo akatha, dayani masana pamalo powala. Pakani Vaselini m'mphepete mwa mphumi, pa makutu ndi kukhosi, chifukwa dayi wakuda akagwira khungu amatenga masiku kuti achoke. Valani magolovesi ndi malaya otha ntchito, sakanizirani m'mbale ya pulasitiki osati yachitsulo, ndipo yambirani pamene pali imvi zambiri. Nthawi yolembedwa pa kapepala muitsatire ndi wotchi, popeza kuwonjezera mphindi kumangowotcha khungu. Zotsala mutaye, dayi wosakaniza kale sasungika.

Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, choncho pakatha masabata 4 mpaka 6 imvi zidzaonekeranso m'tsinde. Pamenepo muzipaka m'tsinde mokhamo, osabwereza tsitsi lonse, chifukwa kubwerezabwereza dayi pa nsonga zimene zinalawa kale rilakisa n'kumene kumaziumitsa ngati udzu wa m'chilimwe.