Kodi x² tiziwerenga kuti "x kawiri"?

Funso: Ndimaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Dedza, ndipo ana akapanda kumva Chingerezi ndimabwereza mfundoyo m'Chichewa. Kodi 3x² + 5x − 7 ndiziwerenga bwanji, nanga mawu akuti polynomial ali ndi Chichewa chake?

Yankho: Aphunzitsi, dzinalo lisiyeni momwe lilili, pakuti ndi lomwe ana adzalipeze pa mayeso a MANEB, koma tanthauzo lake muwafotokozere m'Chichewa. Polynomial imapangidwa ndi chigawo chimodzi kapena zingapo zolumikizidwa mwa kuphatikiza kapena kuchotsera. Yanuyi ili ndi zigawo zitatu: ziwiri zili ndi nambala yochulukitsa chilembo x, chomwe chikuimira nambala yotha kusintha, pomwe −7 ndi nambala yosasintha. Kanambala kam'mwamba pa chilembocho kayenera kukhala kathunthu ndiponso kosachepera 0, n'chifukwa chake 1/x, yemwe ndi chimodzimodzi ndi x⁻¹, si polynomial. Kakakulu mwa tinambala tam'mwambato ndiko kamatchedwa degree, ndipo pano ndi 2.

Pa kawerengedwe ndi pomwe ndikupempha kuti musamale kwambiri. Mawu akuti "x kawiri" muwapewe ndithu, chifukwa m'Chichewa kawiri ndi kubwereza chinthu, monga kudya kawiri, motero mwana amamva x ndi x wina ataikidwa pamodzi, zomwe ndi 2x. Lembani pa bolodi kuti x ndi 5, ana aone okha kuti 2x ndi 10 pomwe x² ndi 25. Poyamba muziti "x kuchulukitsa ndi x mnzake", ndipo akagwira mfundoyo mutha kufupikitsa n'kumati x squared.

Zilembo zimagwirizana ndi mawu ena monga momwe amachitira mawu akuti galu: timati x mmodzi, x yemweyo, koma zikachuluka timati ma x awiri, osati x ziwiri. Choncho samu yanu muiwerenge motere: ma x squared atatu, kuphatikiza ma x asanu, kuchotsera 7. Kawerengedwe kameneka ndimakakonda chifukwa kamaonetsa msanga zigawo zomwe zingaphatikizidwe. Mwana amene wamva "ma x awiri ndi ma x atatu" savutika kuyankha kuti ndi ma x asanu, ndipo mukamufunsa za 3x² + 5x amazindikira kuti mayina a zowerengedwazo ndi osiyana, monga mbuzi zitatu ndi nkhuku zisanu, kotero salemba 8x³.