Buku ndalipeza mwaulere pa intaneti, kodi ndingaligawe?

Wophunzira wina wa uphunzitsi walemba kuti: "Ndapeza mabuku a sayansi pa intaneti. Ndikufuna kutengamo mitu ingapo, ndiimasulire m'chilankhulo chomwe ana a m'kalasi mwanga amamva, kenaka ndiwagawire. Poti sindinalipire kalikonse, pali vuto?"

Maganizo anu ndi abwino, aphunzitsi, ndipo musawataye. Koma buku kupezeka mwaulere sindiye kuti mwini wake walola kuti mulikopere. Munthu akangolemba chinthu chimakhala chake pamalamulo, ngakhale asaikepo chizindikiro cha ©. Mayiko ambiri amatsatira zimenezi kudzera mu mgwirizano wa Berne, womwe unayamba mu 1886. N'zoona kuti malamulo a mayiko ambiri amalola mphunzitsi kukopera kachigawo kochepa pophunzitsa, koma musadalire zimenezo pa mitu yathunthu.

Ndiye musanayambe, yang'anani tsamba lachiwiri la bukulo kapena m'munsi mwa tsamba la pa intanetipo. Mukaona zilembo za CC, imeneyo ndi laisensi ya Creative Commons, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2001, ndipo wolemba wapereka kale chilolezo. Chofunika ndi zilembo zotsatirazo. BY akuti tchulani wolemba. SA akuti mukasintha, ntchito yanunso mugawe pa laisensi yomweyo, monga imachitira Wikipedia. NC ikuletsa kuchitira malonda.

Pomwe ambiri amaterereka ndi pa ND. Laisensi iyi imakulolani kugawa bukulo momwe lilili, koma osati losinthidwa, ndipo kumasulira n'kusintha kumene. Inu amene mukufuna kumasulira, buku la ND lisiyeni kapena lemberani mwini wake mupemphe. Musachite manyazi kutero.

Palinso mabuku omwe umwini wake unatha, aliyense angawagwiritse ntchito. Mgwirizano wa Berne umateteza buku kwa zaka zosachepera 50 wolemba atamwalira, mayiko ena amafika 70. Shakespeare anamwalira mu 1616, choncho masewero ake ndi a tonse. Samalani kokha ndi ndemanga ndi mafunso omwe wofalitsa wamakono anawonjezeramo, amenewo ali ndi eni ake.

Pa sayansi yambani ndi OpenStax, tsamba la pa intaneti la mabuku aulere la ku Rice University ku America, lomwe mabuku ake ali pa laisensi za CC. Ngati ana anu ndi aang'ono, tsamba la pa intaneti la African Storybook limalola kumasulira nthano zake. Pa pepala lililonse lomwe mugawe lembani mutu wa buku, dzina la wolemba, laisensi yake, ndi mawu akuti mwamasulira ndinu.